Atomu ya ayironi ikataya maelekitironi awiri, ochokawo ndi ati?

Pali funso limodzi limene ndimakonda kufunsa ophunzira akangoyamba chemistry ya ku koleji, ndipo chaka chilichonse mayankho olakwika amabwera amodzimodzi, ngati anachita kupangana. Atomu ya ayironi ili ndi maelekitironi 26. Ikataya awiri n'kukhala ayoni imene timailemba Fe²⁺, kodi 24 otsalawo amakhala pati? Gulu loyamba limatsegula periodic table, tebulo lija londandalika maatomu onse, n'kubwerera m'mbuyo mabokosi awiri, n'kupeza chromium amene nayenso ali ndi maelekitironi 24, basi n'kukopera. Gulu lachiwiri limafufuta maelekitironi awiri amene linalemba pomalizira, a m'chipinda chotchedwa 3d, poganiza kuti wolowa pomaliza ndiye woyamba kutuluka. Onsewa amakhala ataganiza ndithu, sikuti angolota ayi, koma onse amagwa. Chowagwetsa n'chimodzi: ndondomeko imene anaphunzira polemba maatomu amaitenga ngati chithunzi cha mmene muliri m'kati mwa atomu, pomwe iyo ndi kanjira kokumbukirira chabe.

Tisanapite patali tisiyanitse mawu awiri amene amakola lilime m'kalasi. Ayironi ndi chitsulo chija cha makasu ndi misomali, Fe. Ayoni ndi atomu iliyonse imene yataya kapena kulandira maelekitironi n'kutsala ndi chaji.

Ku sekondale tinkalemba sodium 2.8.1, chlorine 2.8.7, calcium 2.8.8.2, kuwerenga maelekitironi a m'chigawo chilichonse kuyambira m'kati kupita kunja, ndipo pa calcium pomwepo aphunzitsi ankalekeza. Sankatimana dala. Chitsulo chotsatira, scandium, chili ndi maelekitironi 21, ndipo munthu angayembekezere 2.8.8.3, koma zoona zake ndi 2.8.9.2. Elekitironi yatsopanoyo siipita ku chigawo chakunja. Imabwerera m'chigawo chachitatu chimene tinkayesa kuti chinadzaza kale. Kuyambira pa scandium mpaka pa zinki, mabokosi khumi athunthu, zimayenda chonchi: kunja kuli zii, m'kati mukudzazidwa. Zitsulo za pakati pa tebulozi ndi zimene zimatchedwa transition metals, ndipo mawu oti transition anayamba kuwagwiritsa ntchito motere ndi katswiri wa ku England, Charles Bury, mu 1921. Kalembedwe ka 2.8.8 sikangathe kufotokoza zimenezi chifukwa kamawerenga chigawo chonse ngati thumba limodzi.

Chigawo chilichonse chili ndi zipinda, ndipo zipindazo timazitchula s, p, d ndi f. M'chipinda chilichonse muli malo ogona otchedwa ma orbital. Ine ndimawayerekeza ndi mphasa zoyalidwa alendo akachuluka pamudzi: mu s muli mphasa imodzi, mu p zitatu, mu d zisanu, mu f zisanu ndi ziwiri. Mphasa imodzi imakwana anthu awiri basi, ndipo awiriwo amagona mosemphana, wina mutu uku wina mutu uko. Kusemphanako ndi kumene akatswiri amakutcha spin, ndipo lamulo loletsa maelekitironi awiri kufanana m'zonse analipeza ndi Wolfgang Pauli mu 1925. Ndiye kuti s imanyamula maelekitironi 2, p 6, d 10, f 14. Lamulo lina, la Friedrich Hund, la m'zaka zomwezo, limanena zimene mlendo aliyense amadziwa: mphasa yopanda munthu ikadalipo, palibe amene amakapanikizana ndi mnzake. Maelekitironi asanu oyamba mu d amatenga aliyense mphasa yake, onse mitu mbali imodzi. Wachisanu ndi chimodzi ndiye amayamba kugonera limodzi ndi mnzake.

Tsono zipindazi zimadzazidwa m'ndondomeko yotani? Mabuku amapereka mzere uwu: 1s, 2s, 2p, 3s, 3p, 4s, 3d, 4p, ndipo ambiri amaujambula ndi mivi yopendekeka ija. Dzina limene linakakamira pa mzerewu ndi la Erwin Madelung wa ku Germany, amene anaulemba mu 1936, ngakhale kuti Charles Janet wa ku France anali atakonza kale tebulo lake pa maziko omwewa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Mumatenga nambala ya chigawo n'kuphatikizapo nambala ya chipinda, s kukhala 0, p 1, d 2, f 3, ndipo chipinda chotuluka ndi nambala yochepa chimayamba. 4s imapereka 4, pomwe 3d imapereka 5, choncho 4s ili patsogolo. Dziwani kuti Madelung sanachite kuutulutsa mzerewu m'masamu a atomu. Anaona zimene zoyesa za kuwala kwa maatomu zinkaonetsa n'kupeza njira yozikumbukirira.

Maelekitironi 18 oyambirira ndi ofanana ndi a argon, 1s² 2s² 2p⁶ 3s² 3p⁶, ndiye timangolemba [Ar] kuti dzanja lisatope. Potassium ndi [Ar] 4s¹, calcium ndi [Ar] 4s². Kenako scandium [Ar] 3d¹ 4s², titanium 3d² 4s², vanadium 3d³ 4s², manganese 3d⁵ 4s², ayironi 3d⁶ 4s², cobalt 3d⁷ 4s², nickel 3d⁸ 4s², zinki 3d¹⁰ 4s². Ndadumpha awiri dala. Chromium ndi 3d⁵ 4s¹, osati 3d⁴ 4s², ndipo kopa ndi 3d¹⁰ 4s¹, osati 3d⁹ 4s². Tibwereranso kwa awiriwa. Muone kuti ndikulemba 3d poyamba, 4s pambuyo. Mayeso ambiri amalola kulemba mbali iliyonse, koma ine ndimalimbikitsa kalembedwe aka chifukwa cholembedwa kumapeto chimakhala chomwecho chimene chili kunja kwa atomu, ndipo dzanja likamafufuta limayambira poyenera.

Lamulo la maayoni ndi lalifupi. Lembani atomu yathunthu, chotsani maelekitironi a mu 4s poyamba, ndipo 4s ikatha m'pamene mukhudze 3d. Ayironi ndi [Ar] 3d⁶ 4s². Kuchotsa awiri, 4s yatha, Fe²⁺ ndi [Ar] 3d⁶. Kuchotsa wachitatu, tsopano tikulowa mu 3d, Fe³⁺ ndi [Ar] 3d⁵. Manganese akataya awiri amatsala 3d⁵, cobalt 3d⁷, nickel 3d⁸, zinki 3d¹⁰. Kopa ali ndi mmodzi yekha mu 4s, choncho Cu⁺ ndi 3d¹⁰, ndipo Cu²⁺ ndi 3d⁹ chifukwa wachiwiriyo wachokera mu 3d. Chromium akataya atatu, mmodzi wa mu 4s ndi awiri a mu 3d, Cr³⁺ ndi 3d³. Scandium akataya atatu onse amatsala [Ar] yokhayokha.

Wofuna kungokhoza mayeso angathe kulekezera apa. Koma wophunzira wakuthwa amakweza dzanja nthawi zonse, ndipo funso lake ndi lachilungamo: "Aphunzitsi, mwanena kuti 4s imadzazidwa poyamba chifukwa ili m'munsi, pamalo amene elekitironi imagwiridwa zolimba. Nanga bwanji ikukhalanso yoyamba kuchoka? Chogwiridwa zolimba chichoke poyamba?" Yankho limene ambiri tinapatsidwa, loti 4s ili kunja basi, ndi loona koma siligwira pamene funsolo lagona. Vuto lili m'chiganizo choyambacho. Kunena kuti 4s ili m'munsi mwa 3d n'zoona kwa potassium ndi calcium. Kuyambira pa scandium kupita m'tsogolo, 3d ndi imene ili m'munsi. Akatswiri monga Eugen Schwarz wa ku Germany ndi Eric Scerri wa ku yunivesite ya UCLA ku America akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti mabuku a sukulu amaiphunzitsa nkhaniyi chozondoka.

Umboni umene ndimaukonda ndi wa zinthu zitatu zokhala ndi maelekitironi 20 chilichonse. Atomu ya calcium ili ndi mapulotoni 20, ndipo maelekitironi ake awiri omaliza ali mu 4s onse. Ayoni ya Sc⁺ ili ndi mapulotoni 21 ndi maelekitironi 20 omwewo, ndipo awiri omaliza agawana, 3d¹ 4s¹. Ayoni ya Ti²⁺ ili ndi mapulotoni 22, maelekitironi akadali 20, ndipo awiri onse ali mu 3d. Chiwerengero cha maelekitironi sichinasinthe ngakhale pang'ono. Chasintha ndi mphamvu ya nyukiliyasi, phata la atomu mmene muli mapulotoni, imene ikuwakoka, ndipo ikamakula 3d imatsika msanga kuposa 4s. Apa m'pamene pagona kulakwa kwa gulu lija lobwerera m'mbuyo mabokosi awiri. Fe²⁺ ndi chromium ali ndi maelekitironi 24 onse, inde, koma wina akukokedwa ndi mapulotoni 26, wina 24. Chimodzimodzi Fe³⁺, 3d⁵, safanana ndi vanadium, 3d³ 4s², ndipo Zn²⁺, 3d¹⁰, safanana ndi nickel, 3d⁸ 4s². Kwa sodium ndi magnesium njira yobwerera m'mbuyo imagwira, Na⁺ amafanana ndi neon, n'chifukwa chake ana amaikhulupirira. Ikafika pakati pa tebulo imathyoka.

Chifukwa chake chili m'maonekedwe a ma orbital awiriwa. 4s ndi yotakasuka, mbali yake yaikulu ili kutali ndi nyukiliyasi, koma ili ndi timbali tating'ono tolowerera m'kati mwenimweni, kudutsa maelekitironi 18 aja amene amatchinga. 3d ilibe timbali totere. Mu potassium, mmene nyukiliyasi ili yofookerapo, 3d imakhala yotchingidwa kwambiri ndipo kulowerera kwa 4s kumaipatsa mwayi. Mapulotoni akawonjezereka, 3d imakokedwa n'kufinyikira m'kati, n'kukhala yaing'ono komanso yotsika. Mu atomu ya hydrogen, mmene mulibe wotchinga mnzake, chigawo chachitatu chonse chili m'munsi mwa chachinayi, ndipo ayoni ikamataya maelekitironi ambiri imanka iyandikira khalidwe limeneli.

Nanga ngati 3d ili m'munsi mu scandium, bwanji maelekitironi atatu onse osangolowa mmenemo n'kukhala 3d³? Apa ndimabwerera ku alendo athu aja. Tiyerekeze kuti 3d ndi chipinda cham'kati, chofunda koma chothina, ndipo 4s ndi khonde, lozizirako pang'ono koma lotakasuka. Maelekitironi onse ali ndi chaji yofanana, amakankhana, ndipo m'chipinda chothina kukankhanako kumakula. Kuzizira kwa pakhonde kukakhala kochepa, n'kwabwino kuti mmodzi kapena awiri akagone kumeneko kusiyana n'kumagundana zigongono usiku wonse. Atomu siyang'ana phindu la elekitironi imodzi. Imakhazikika pa kakhalidwe kamene mphamvu ya onse pamodzi ili yotsikitsitsa, monga mmene madzi amasankhira kudambo. Tsono fisi akafika usiku amayambira pati? Pakhonde. Ogona mu 4s ndi amene ali kutali komanso ogwiridwa mofooka, ndipo amachoka poyamba. Akachoka, otsalawo amamva kukoka kwa nyukiliyasi kwambiri kuposa kale, kusiyana kwa chipinda ndi khonde kumakula, ndipo palibenso wolakalaka kutuluka. N'chifukwa chake maayoni a chaji ya 2+ kupita m'mwamba alibe kanthu mu 4s.

Ndanena kuti 2+ kupita m'mwamba chifukwa maayoni a 1+ ali pamalire, ndipo ena amachita zawo. Akayezedwa ali okha mu mpweya, Fe⁺ ndi 3d⁶ 4s¹ monga lamulo likunenera, koma Co⁺ ndi 3d⁸, osati 3d⁷ 4s¹, ndipo Ni⁺ ndi 3d⁹ ndi V⁺ ndi 3d⁴. Mmodzi atachoka pakhonde, mnzake wotsalayo wathawira m'chipinda. Amenewa simukumana nawo m'botolo la mu labu, koma akuonetsa kuti 3d ndi 4s zayandikana motani.

Za chromium ndi kopa tsopano. Chimene timauzidwa n'choti chipinda cha d chikadzaza theka, 3d⁵, kapena chikadzaza chonse, 3d¹⁰, chimakhazikika mwapadera, ndiye atomu imabwereka mmodzi ku 4s kuti ifikepo. Muli choonadi mmenemo, pakuti maelekitironi oloza mbali imodzi amapewana bwino ndipo izi zimatsitsa mphamvu. Koma musalitenge ngati lamulo. Molybdenum, amene ali m'munsi mwa chromium, amatsatiradi, 4d⁵ 5s¹, pomwe tungsten, wa m'munsi mwa molybdenum, ndi 5d⁴ 6s² ndipo sabwereka kanthu. Niobium, chitsulo chija chili m'miyala ya ku Kanyika ku Mzimba, ndi 4d⁴ 5s¹, wabwereka koma sanafike pa theka. Palladium ndiye watenga onse, 4d¹⁰, khonde lili mbee. Pamene zipinda ziwiri zayandikana chonchi, kanthu kakang'ono kamapendeketsa sikelo, ndipo maatomu amenewa n'ngofunika kungowaloweza.

Chosangalatsa n'choti chisokonezo chonsechi chili m'maatomu ndi m'maayoni ena a 1+ aja basi. Maayoni otsalawo ndi aulemu. Nickel ndi 3d⁸ 4s², palladium ndi 4d¹⁰, platinum ndi 5d⁹ 6s¹, atatu a m'gulu limodzi koma aliyense ndi kakhalidwe kake. Aliyense akataya awiri, Ni²⁺, Pd²⁺ ndi Pt²⁺ onse ndi d⁸. Izi zikutipatsa njira yachidule imene anthu a mu labu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osalembanso atomu yathunthu: tengani nambala ya gulu, pa tebulo lowerenga magulu 1 mpaka 18, muchotsepo chaji ya chitsulocho, ndipo chotsalacho ndiye chiwerengero cha maelekitironi a mu d. Ayironi ali m'gulu 8, choncho Fe²⁺ ndi d⁶, Fe³⁺ ndi d⁵. Chromium ali mu 6, Cr³⁺ ndi d³, Cr²⁺ ndi d⁴. Kopa ali mu 11, Cu²⁺ ndi d⁹. Siliva alinso mu 11, Ag⁺ ndi d¹⁰, ndipo golide wa 3+ ndi d⁸. Njirayi siifunsa n'komwe ngati atomuyo inali yobwereka kapena ayi. Kwa zitsulo zolemera ngati platinum ndi golide pali chipinda cha 4f chodzaza ndi 14, koma chimenecho chili m'kati ndipo sichikhudzidwa.

Pamene ophunzira ambiri amataya malikisi si pa kuchotsa, koma pa kudziwa kuti achotse angati, chifukwa funso silibwera nthawi zonse litalembedwa kale Fe²⁺. Limabwera ngati FeSO₄, mankhwala aja a ferrous sulphate amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo kuti magazi asachepe. Sulphate ali ndi chaji ya 2−, chinthu chonsecho chilibe chaji, ndiye ayironi ndi 2+, d⁶. Mu KMnO₄, potassium ndi 1+, ma oxygen anayi ndi 8−, manganese ayenera kukhala 7+ kuti zifanane, ndipo 7 kuchotsa 7 ndi d⁰. Mu K₂Cr₂O₇ muli 2+ ndi 14−, zotsala 12 zigawidwe kwa ma chromium awiri, aliyense 6+, d⁰ nayenso. Mu [Fe(CN)₆]⁴⁻ ma cyanide asanu ndi mmodzi amabweretsa 6−, chonsecho chili 4−, ayironi ndi 2+. Madzi ndi ammonia alibe chaji, choncho mu [Cu(NH₃)₄]²⁺ chaji yonse ndi ya kopa. Wina wovuta ndi magnetite, Fe₃O₄. Mukagawa 8 kwa atatu simupeza nambala yathunthu, chifukwa mmenemo muli Fe²⁺ mmodzi ndi ma Fe³⁺ awiri, d⁶ mmodzi ndi ma d⁵ awiri.

Wina angafunse kuti zonsezi phindu lake n'chiyani kupatula mayeso. Phindu lake n'loti kanambala aka, d wangati, kamalosera zinthu zimene mungathe kuziyeza kapena kuziona ndi maso.

Yerekezani manganese ndi ayironi, oyandikana pa tebulo. Kuchotsa elekitironi yoyamba ndi yachiwiri n'kosavutirapo kwa manganese, mphamvu yofunika ndi pafupifupi 717 ndi 1509 kJ/mol, kusiyana ndi 762 ndi 1562 kwa ayironi. Izi n'zoyembekezereka popeza ayironi ali ndi pulotoni imodzi yowonjezera. Pa yachitatu zimatembenuka: manganese amafuna pafupifupi 3248, ayironi 2957 yokha. Mn²⁺ ndi d⁵, aliyense pa mphasa yake, ndipo kuchotsa mmodzi n'kusokoneza mtendere. Fe²⁺ ndi d⁶, pali mphasa imodzi yopanikizana awiri, ndipo wachisanu ndi chimodziyo anali kukankhidwa kale. Mukadalemba Fe²⁺ ngati 3d⁴ 4s² manambalawa sakadamveka. M'madzi muli zina zowonjezera zimene zimalowererapo, koma khalidwe lake n'lomwelo, Fe²⁺ sachedwa kusanduka Fe³⁺ akakumana ndi mpweya. Amene anatungapo madzi a pa mjigo wina amene amatuluka oyera bwinobwino, koma akakhala m'ndowa kwa maola angapo n'kuyamba kufiirira ndi kusiya zinthu pansi, anaziona ndi maso. Dzimbiri la pa khasu ndi kufiira kwa dothi la katondo ndi Fe³⁺ yemweyo.

Mtundu ndiye pamene nkhaniyi imakoma. Ayoni ya chitsulo sikhala yokha. Imazunguliridwa ndi madzi, oxygen, chloride kapena zina, kawirikawiri zisanu ndi chimodzi, ndipo zozungulirazi timazitcha ma ligand. Hans Bethe anaonetsa mu 1929, ndipo John Van Vleck anapitiriza m'zaka za m'ma 1930, kuti zozungulirazi zimagawa mphasa zisanu za d m'magulu awiri: zitatu zimatsika, ziwiri zimakwera. Mpata wa pakati pake nthawi zambiri ndi wofanana ndi mphamvu ya kuwala kooneka ndi maso, ndiye elekitironi imameza mtundu wina wa kuwala n'kudumphira m'mwamba, ndipo ife timaona mitundu yotsalayo. Kuti kudumphaku kutheke pafunika zinthu ziwiri, wodumpha ndi malo ofikira. Ti³⁺ ndi d¹, amameza kuwala kwa cha m'ma 500 nm ndipo m'madzi amaoneka wapepo. Ti⁴⁺ ndi d⁰, palibe wodumpha, ndipo titanium dioxide ndi ufa woyera mbee umene umayeretsa penti. Zn²⁺ ndi d¹⁰, wodumpha alipo koma kofikira kulibe, n'chifukwa chake mchere wa zinki uli woyera. Pa chifukwa chomwechi, tanthauzo la IUPAC, bungwe la akatswiri a chemistry a dziko lonse, limene limafuna chipinda cha d chosadzaza mu atomu kapena mu ayoni yake, limasiya zinki kunja kwa transition metals ngakhale ali pa mzere womwewo. Cu²⁺ ndi d⁹, pali malo amodzi otseguka, ndipo n'zokwanira kupereka kubiriwira kwa copper sulphate ndi kwa mwala wa malachite umene umapezeka ku Copperbelt ndi ku Katanga. Mn²⁺ ndi wotuwa, kapinki kosaoneka bwino, ndipo mphasa zathu zikufotokoza chifukwa chake: zonse zisanu zili ndi mwini wake, onse mitu mbali imodzi, ndiye wodumpha ayenera kutembenuka kaye asanagone ndi mnzake, chinthu chimene kuwala sikuchita kawirikawiri.

Komabe kanambala ka d pakokha sikatchula mtundu. Rube ya ku Chimwadzulu ku Ntcheu ndi yofiira, emerald ya ku Kafubu ku Zambia ndi yobiriwira ngati msipu, koma wopereka mtundu mu yonse iwiri ndi Cr³⁺, d³, wozunguliridwa ndi ma oxygen asanu ndi mmodzi. Mu rube, amene ndi aluminium oxide wokhala ndi chromium pang'ono chabe, mpata wa pakati pa mphasa zotsika ndi zokwera ndi wokulirapo. Mu emerald ndi wocheperako pang'ono, ndipo kusiyana kwakung'onoko n'kokwanira kusuntha kuwala komezedwa. Copper sulphate nayenso mukamuwotcha n'kuchotsa madzi ake amasanduka ufa wotuwira, kopayo akadali d⁹ yemweyo. Asintha ndi oyandikana naye.

Chinanso choyezeka ndi maginito. Elekitironi yogona yokha pa mphasa ili ngati kamaginito kakang'ono, pomwe awiri osemphana amafafanizana. Mukapachika mchere wa chitsulo pa sikelo pakati pa maginito amphamvu, kulemera kwake kumaoneka kusintha, ndipo kuchokera pamenepo mungawerenge kuti ogona okha alipo angati. Masamu ake ndi √[n(n+2)], n kukhala chiwerengero chawo: mmodzi amapereka 1.73, awiri 2.83, atatu 3.87, anayi 4.90, asanu 5.92. Mchere wa Mn²⁺ ukayezedwa umapereka pafupifupi 5.9, kutsimikiza kuti ndi d⁵ wokhala ndi asanu ogona okha. Ukadakhala 3d³ 4s², monga gulu lachiwiri lija likadalembera, sikelo ikadaonetsa cha m'ma 3.9.

Apa pabisala msampha womaliza, umene umagwira ngakhale a chaka chachiwiri. Fe²⁺ ndi d⁶ nthawi zonse, koma asanu ndi mmodziwo angagone m'njira ziwiri. Akazunguliridwa ndi madzi, mpata uja ndi waung'ono, maelekitironi amalolera kukwera kusiyana n'kupanikizana, anayi amakhala m'munsi ndi awiri m'mwamba, ndipo ogona okha ndi anayi. Akazunguliridwa ndi cyanide mpatawo ndi waukulu, kukwera n'kodula, onse asanu ndi mmodzi amapanikizana awiriawiri pa mphasa zitatu za m'munsi, ndipo wogona yekha palibe. Woyambayo amatchedwa high spin ndipo amakokedwa ndi maginito, wachiwiriyo ndi low spin ndipo sakokedwa. Kusankha kumeneku kumakhalapo kuyambira d⁴ mpaka d⁷ basi, kwa ozunguliridwa ndi asanu ndi mmodzi. Kwa d¹, d², d³ ndi d⁸, d⁹, d¹⁰ kagonedwe n'kamodzi kokha, yesani kujambula muone.

Zimenezi zikuchitika m'magazi mwanu pamene mukuwerenga. Mu 1936 Linus Pauling ndi Charles Coryell anayeza haemoglobin n'kupeza kuti akakhala wopanda oxygen amakokedwa ndi maginito, monga zikuyembekezereka kwa Fe²⁺ wokhala ndi anayi ogona okha, koma akanyamula oxygen kukokedwako kumatheratu. Patapita zaka zoposa 50, mu 1990, Seiji Ogawa anaonetsa kuti makina a MRI, aja ojambula m'kati mwa thupi, angathe kuona kusiyana kumeneku, ndipo pamenepo m'pamene panachokera njira ya fMRI yoonera mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito. Ayironi wa m'magaziyo akataya elekitironi ina n'kukhala Fe³⁺, d⁵, haemoglobin imeneyo siinyamulanso oxygen.

Katsala kamodzi kamene wophunzira wakuthwa uja sangakasiye. Tapeza kuti manganese wa mu potassium permanganate ndi d⁰, ndipo tanena kuti d⁰ alibe wodumpha. Nanga bwanji kambewu kamodzi ka mankhwalawa, aja amasungunula kuchipatala posambitsa zilonda, kamadetsa beseni lonse la madzi ndi mtundu wapepo wamphamvu kuposa wa mchere uliwonse wa kopa? Wodumphayo sakuchokera kwa manganese. Chaji ya 7+ ija ndi ya pa pepala, yowerengera chabe, chifukwa manganese akugawana maelekitironi ndi ma oxygen anayi omuzungulira. Kuwala kukafika, elekitironi imachoka kwa oxygen n'kudumphira pa mphasa zopanda munthu za manganese, ndipo kudumpha kwa mtundu umenewu, kochokera ku atomu ina kupita ku inzake, kumameza kuwala kwambiri kuposa kudumpha kwa m'kati mwa d. Mtundu wa lalanje wa dichromate, d⁰ mnzake uja, umabwera m'njira yomweyi.